Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo: matumbo akapotana, wodwala wa ku Dedza sangadikire mawa

Kwa olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, a Bwanamkubwa a boma la Dedza, a mkulu woyang'anira zaumoyo ku khonsolo, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, makhansala ndi mafumu athu,

Tikupereka moni mwaulemu, mabwana athu, ndipo tikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Olemba kalatayi ndife anthu a ntchito ya mpeni ndi singano: ochita opaleshoni, ogonetsa odwala ku fiyeta, ndi anamwino a m'mawodi a mabala. Tikudziwa kuti patebulo panu pali malungo, uchembere, kolera ndi zina zambiri, pomwe thumba la ndalama ndi limodzi. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya, choncho mutilole tikutulireni nkhani imene siimveka pa wailesi: anthu akumwalira ndi matumbo opotana, pomwe zambiri zimene zikanawapulumutsa n'zotsika mtengo. Sitikuloza chala munthu kapena chipatala chilichonse. Talemba poyera kuti achibale a odwala nawonso amve ndi kuuzako anzawo.

Chakumapeto kwa thumbo lalikulu, kumanzere m'munsi mwa mimba, kuli chigawo chotchedwa sigmoid. Mwa anthu ambiri a kuno, makamaka abambo opitirira zaka 40, chigawochi chimakhala chachitali, koma tsinde lake, momwe mumadutsa mitsempha ya magazi, ndi lopapatiza. Mgaiwa, nyemba ndi masamba n'zabwino m'thupi, komabe zimadzaza thumboli ndi kulilemeretsa. Thumbo lolemeralo limatha kuzungulira pa tsinde lake monga mmene chitenje chochapa chimapotokera pochifinya. Likazungulira theka, njira yatsekeka, mpweya ndi chimbudzi sizitulukanso. Likazungulira lonse, mitsempha yobweza magazi ndiyo imayamba kufinyika, thumbo limatupa, kenako magazi amaleka kufika, ndipo limada n'kuyamba kuola. Nthendayi ndiyo sigmoid volvulus. Ku Ulaya imaoneka apo ndi apo mwa nkhalamba, koma kuno ili m'gulu la zifukwa zazikulu zotsekera matumbo a munthu wamkulu.

Ilipo inzake yosowa, yoopsa kuposa imeneyi. Chigawo chomaliza cha thumbo laling'ono, chotchedwa ileum, chimatha kukulunga tsinde la sigmoid n'kudzilowetsa pansi pake, matumbo awiriwo n'kumanga mfundo. Imeneyi ndi ileosigmoid knot. Imakonda anthu ocheperapo msinkhu, a zaka za m'ma 30 ndi 40, kawirikawiri amene aswera kumunda osadya n'kudzakhuta kamodzi madzulo. Munthu wagona ali bwinobwino, pakati pa usiku wadzuka ndi ululu wosaneneka, akusanza. Pofika m'mawa thukuta lozizira, mtima ukuthamanga, BP yatsika. Matumbo onse awiri amatha kuola m'maola ochepa. Nthawi zina mimba siifufuma kwambiri poyamba, n'chifukwa chake wosaidziwa amaipeputsa.

Dandaulo lathu loyamba lili ku zipatala zing'onozing'ono. Tiyerekeze bambo wa zaka 55 wa kwa Kachindamoto wafika m'mawa, mimba ili tuu. Pamzere pali anthu ambirimbiri, woona odwala ndi mmodzi. M'kabuku ka kuchipatala mwalembedwa kuti ndi kudzimbidwa, wapatsidwa mapiritsi otsegula m'mimba, wabwerera kwawo. Kumudzi amumwetsa zitsamba, amutemera mphini pamimba, ndipo abale sitingawadzudzule poti kuchipatala anapitako kale. Akamabweranso patatha masiku awiri, thumbo lafa. Mankhwala otsegula m'mimba pa thumbo lotsekeka amangowonjezera ululu ndi kufulumizitsa kuphulika kwake. Pomwetu mafunso anayi okha akanamuika panjira yoyenera: mwatulutsa liti mpweya komaliza, mwachita liti chimbudzi, mukusanza zotani, ndipo zoterezi zinakuchitikiranipo kale n'kutha zokha? Kenako wodwala agone, mimba igogodedwe, ayezedwe ndi chala kotulukira chimbudzi, ndipo m'mphechepeche muonedwe mbali zonse ziwiri. Chomalizachi chimadumphidwa chifukwa cha manyazi, makamaka kwa amayi achikulire. Koma kachotupa kakang'ono kolimba m'munsi mwa chinena, kamene ambiri amati ndi mwanabere, kamatha kukhala femoral hernia, kabowo ka pakhoma la mimba pamene thumbo latulukira, imene yapana thumbolo. Ndipo ikapana mbali imodzi yokha ya khoma la thumbo, wodwala amapitiriza kuchita chimbudzi thumbolo likuola. Gogo wowonda kwambiri amene akusanza, mimba yatupa, ndipo akudandaula ululu wotsikira m'kati mwa ntchafu mpaka pabondo, aganiziridwe obturator hernia, imene siioneka kunja n'komwe.

Wodwala wotere asakwezedwe mu ambulansi ali wouma. Madzi ambiri a m'thupi mwake athawira m'matumbo otupawo, ndipo ambiri amene amafera panjira kapena pogonetsedwa amafa ndi kuuma kumeneku. Asanachoke aikidwe makanyula (timapaipi ta diripi tolowa mumtsempha) awiri aakulu, nambala 16 kapena 18, alandire madzi a diripi a Ringer's lactate lita imodzi kapena awiri mu ola loyamba, mochepetsako kwa wokalamba ndi wodwala mtima. Kapaipi ka m'mphuno kalowe mpaka m'chifu kuti katulutse zobiriwira zimene amasanza asazipumire m'mapapo. Kapaipi ka mkodzo kaikidwe, ndipo munthu wolemera makilogalamu 60 azitulutsa mamililita osachepera 30 pa ola. Mankhwala opha tizilombo, ceftriaxone 2 g ndi metronidazole 500 mg, alowe mumtsempha, apatsidwe mankhwala a ululu, asadye kapena kumwa chilichonse, ndipo foni iimbidwe kuti fiyeta ikonzeke. Zonsezi sizifuna dokotala wamkulu. Zimafuna kuti katunduyo akhalepo, ndiponso kuti ambulansi ikhale ndi mafuta. Chaka cha 2015 bungwe la Lancet Commission on Global Surgery linaika muyeso woti munthu azitha kufika, pasanathe maola awiri, pa chipatala chimene chingatsegule mimba, kuchita opaleshoni ya uchembere ndi kusamalira fupa lothyoka lotulukira kunja. Yerekezani muyesowu ndi munthu wa ku Golomoti kapena ku Mtakataka amene ayenera kukwera Khwekhwerere usiku, wa ku Lobi nthawi ya dzinja, kapena mbale wathu wa ku Angonia wodutsa malire. Banja likauzidwa kuti lisonkhe ndalama ya mafuta, maola awiriwo amathera pogulitsa mbuzi.

Chachiwiri n'chokhudza chida chimodzi chimene sichionekaoneka m'zipatala za m'maboma. Wodwala wa sigmoid volvulus akafika msanga, mimba isanaume gwa, thupi lisanatenthe, safunikira mpeni usiku womwewo. Chithunzi cha X-ray chimaonetsa thumbo lalikulu lofufuma lopindika ngati chilembo cha U chozondoka. Amagonekedwa chamanzere, ndipo chitsulo chowunikira cha masentimita 25, rigid sigmoidoscope, chimalowetsedwa pang'onopang'ono mpaka pamene pali mpotoko, kawirikawiri masentimita 15 mpaka 25 kuchokera kunja. Paipi yofewa yopakidwa mafuta imadutsitsidwa pa mpotokowo modekha, osakankha. Ikadutsa, mpweya ndi chimbudzi chamadzi zimatuluka mwamphamvu, mimba imaphwa pomwepo. Paipiyo imamangiriridwa n'kusiyidwa tsiku limodzi mpaka atatu. Ubwino wa chitsulocho ndi woti maso amaona khoma la thumbo: likakhala lakuda kapena mukutuluka madzi a magazi, ntchitoyo imalekeka, wodwala apite ku fiyeta. Popanda chitsulocho, anthu amalowetsa paipi mongopapasa, zimene zimatha kuboola thumbo, kapena amatsegula mimba ya munthu amene akanakonzekeretsedwa bwino masana. Chinanso, chitsulo chikakana kudutsa pa munthu amene akusanza kwambiri ndipo chithunzi chikuonetsanso thumbo laling'ono lotupa, pamenepo ganizani za mfundo ija, osataya ola lina kuyesanso.

Apa pali msampha. Wodwala amene mimba yaphwa amamva ngati wachira, amapempha kutuluka, ndipo wodi ikadzaza amatulutsidwadi. Thumbo lija likadali lalitali, ndipo mwa oposa theka limapotananso. Njira yake ndi kudula chigawo chachitalicho n'kulumikiza wodwala asanatuluke m'chipatala. Izi zimafuna tsiku lake la fiyeta limene sililandidwa, chifukwa pamene fiyeta ili imodzi, opaleshoni za uchembere zimalowa patsogolo, moyeneradi, ndipo bambo uja amasunthidwa mpaka atatopa n'kubwerera kumudzi.

Chachitatu ndi fiyeta yeniyeniyo, ndipo apa mutilole tikhalitsepo. Wodwala wotsekeka matumbo amagonetsedwa ngati munthu wokhuta: makina oyamwa masanzi akhale oyaka, alandire okosijeni, apatsidwe ketamine womugonetsa ndi suxamethonium wofewetsa minofu, ndipo paipi yopumira yokhala ndi kabaluni ilowe msanga. Suxamethonium amasungidwa mu filiji pa madigiri 2 mpaka 8; akakhalitsa potentha mphamvu imachepa, nsagwada siifewa, ndipo mphindi imeneyo masanzi amalowa m'mapapo. Makina opanga okosijeni amadalira magetsi, choncho magetsi akathima mimba ili yotsegula pafunika jenereta yoyaka nthawi yomweyo ndi silinda yodzaza pambali. Kuno ku Dedza tiwonjezerepo kuzizira kwa June ndi July: wodwala wozizidwa magazi ake sagwirana msanga ndipo amachedwa kutsitsimuka, n'chifukwa chake madzi a diripi ndi otsukira m'mimba ayenera kufunditsidwa.

Mimba imatsegulidwa pakati, motalika ndithu, kuti thumbo lofufumalo lituluke osang'ambika. Likakhala longoderako, limamasulidwa, limafunditsidwa ndi nsalu zonyowetsa m'madzi amchere ofunda kwa mphindi 10, kenako n'kuona ngati mtundu wabwerera, ngati likuyenda, ndi ngati mitsempha yake ikugunda. Likakhala lakuda, lonunkha, lopyapyala, lisamasulidwe ayi. Kulimasula ndiko kutsegulira poizoni yense wa m'thumbo lakufalo kuti athamangire kumtima, ndipo BP imagwa nthawi yomweyo. Mitsempha imangidwe kaye pa tsinde, thumbo lidulidwe lili chipotokere. Pa mfundo ya matumbo awiri lamulo ndi lomwelo, koma dzanja limalakalaka kumasula, ndipo ambiri aboola thumbo poyesa zimenezo. Sigmoid iphwetsedwe ndi singano, zopanira ziikidwe pa mbali zamoyo, mfundo ichoke yonse pamodzi. Ileum imalumikizidwa, koma ngati kachidutswa kotsala kufupi ndi thumbo lalikulu n'kosakwana masentimita 10, magazi ake ndi okayikitsa, ndipo n'kwabwino kukatseka n'kulumikizira pa thumbo lalikulu. Thumbo laling'ono lotsala liyezedwe ndi kulembedwa, chifukwa likachepera mamita awiri munthuyo akhoza kuvutika ndi kutsegula m'mimba ndi kuwonda moyo wake wonse.

Za sigmoid, wochita opaleshoni amasankha pakati pa ziwiri. Mbali zodulidwa zikamatuluka magazi ofiira, zikufikana popanda kukokana, ndipo BP ili bwino popanda mankhwala oikweza a adrenaline, akhoza kulumikiza. Zikapanda kutero, amatsata njira imene dokotala wa ku France, Henri Hartmann, anafotokoza mu 1921: kutseka mbali yakumunsi, n'kutulutsira yakumtunda pamimba kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo. Maganizo athu ndi akuti pa chipatala chopanda chipinda cha odwala kwambiri, usiku, magazi kulibe, njira ya Hartmann si kulephera. Msoko wa thumbo ukaphulika pa tsiku lachinayi mpaka lachisanu ndi chiwiri, ambiri sapulumuka.

Tsono nkhani ya ulusi. Pa mndandanda wa zogula, ulusi umaoneka ngati chinthu chimodzi, koma si choncho. Thumbo limasokedwa ndi ulusi wosungunuka ngati Vicryl 3/0 kapena 2/0 pa singano yobulungira, misoko motalikirana mamilimita anayi kapena asanu. Singano yodula, yosokera khungu, imasiya timabowo tong'ambika m'thumbo. Khoma la mimba limatsekedwa ndi nayiloni kapena PDS nambala 1, ndipo ulusi wolowa uyenera kutalika kanayi kuposa bala. Likatsekedwa ndi catgut chifukwa ndi yekhayo amene ali m'kabati, ulusiwo umafooka bala lisanagwire. Pakatha sabata bandeji imanyowa ndi madzi ofiirira, wodwala akangotsokomola matumbo ali panja. Opaleshoni yachiwiriyo imadya mankhwala, magazi ndi bedi kuposa mtengo wa katoni yonse ya ulusi woyenera. Magazi nawo: tikudziwa kuti a Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana asukulu, ndipo nthawi ya holide nkhokwe zimachepa. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo mungathandize pamenepa.

Chachinayi tichinena mwachidule. Opaleshoni yabwino imawonongekera m'wodi ngati namwino mmodzi ali ndi wodi yonse usiku. Maola 48 oyamba, wodwala wotere ayezedwe kugunda kwa mtima, BP, mpweya ndi mkodzo ola lililonse poyamba, kenako maola anayi aliwonse. Mtima ukapitirira 100 pa mphindi n'kukana kutsika pa tsiku lachinayi, msoko ukayikiridwe thupi lisanatenthe n'komwe. Gadiyani sangazindikire zimenezi.

Chachisanu ndi anthu amene tawapulumutsa n'kuwaiwala. Munthu wotulutsidwa thumbo pamimba (stoma) amafuna matumba omata, pafupifupi 10 pa mwezi ngati ali otha kukhuthula. Akasowa amamanga majumbo, nsanza ndi mphira wa njinga. Khungu limanyuka, fungo silibisika, ndipo bambo amene anali mlimi wa mbatata ya kachewere ku Bembeke amaleka kupita kumsika, kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhale kumaliro. Mabanja ena amagwedezeka. Wa ileostomy, amene thumbo lotulutsidwalo ndi laling'ono, vuto lake n'lalikulu koposa: zotuluka zikapitirira lita imodzi ndi theka pa tsiku, impso zimayamba kufooka, ndipo madzi wamba ochuluka amangowonjezera kutayako, amafuna Thanzi ORS, mapiritsi ochepetsa kutsegula m'mimba a loperamide ndi mafuta a zinc oxide oteteza khungu. Thumbo la Hartmann limatha kubwezeretsedwa pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Ndi opaleshoni yovuta, yofuna katswiri, chifukwa m'mimba mumakhala mutamatana ndipo njira ya mkodzo yochokera ku impso yakumanzere ili pafupi. Wochita opaleshoni yoyamba akasiya ulusi wautali wa nayiloni pa chitsa cha thumbo n'kulemba bwino zimene anachita, wachiwiriyo ntchito imamupepukira. Koma kuti munthu wa kwa Kasumbu kapena ku Mayani apite ku Kamuzu Central Hospital, mtunda woposa makilomita 80 kuchokera pa Dedza boma, kukalembetsa, kubwerera, kupitanso ndi gadiyani, ndalama yake alibe. Ambiri amangokhala nalo thumbolo zaka.

Anthu odziwa ntchito alipo. Pulogalamu ya COST-Africa, imene inayamba mu 2011, inaphunzitsa ma clinical officer digiri ya opaleshoni ku College of Medicine, imene lero ili mu Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), ndipo COSECSA, bungwe la madokotala a opaleshoni a kum'mawa, pakati ndi kummwera kwa Africa, likuphunzitsa akatswiri m'dziko mommuno. Ku chigawo chakummwera anayesapo kale kulumikiza zipatala za m'maboma ndi akatswiri kudzera pa WhatsApp. Nthenda yosowa ngati mfundo ya matumbo munthu akhoza kukumana nayo koyamba ali yekha usiku. Kulankhula ndi katswiri mimba ili yotsegula kumasintha zimene dzanja lichite.

Choncho, mabwana athu, tikupempha izi:

1. Chipatala chaching'ono chilichonse m'boma lino chikhale ndi bokosi losindikizidwa la wodwala wotsekeka matumbo: makanyula a 16 ndi 18, malita anayi a Ringer's lactate, kapaipi ka m'mphuno, ka mkodzo ndi thumba lake, ceftriaxone ndi metronidazole. Likatsegulidwa libwezeretsedwe sabata yomweyo. Pakhoma pakhale pepala limodzi la m'Chichewa la mafunso anayi aja, ndipo alangizi a zaumoyo auze midzi kuti munthu wotupa mimba amene watha tsiku osatulutsa mpweya athamangire kuchipatala.

2. Mafuta a ambulansi ya odwala mwadzidzidzi akhale ndi thumba lakelake losakhudzidwa ndi maulendo ena, ndipo banja lisauzidwe kugula mafuta.

3. Mugule ma rigid sigmoidoscope awiri okhala ndi nyali ndi mapaipi ake, ndipo onse ogwira usiku aphunzitsidwe kagwiritsidwe kake.

4. Polemba oda ya ulusi ku Central Medical Stores Trust pazikhala wa ku fiyeta, ndipo mtundu, nambala ndi singano zizilembedwa. Fiyeta ikhale ndi filiji yakeyake, silinda ya okosijeni yosungira ndi mafuta a jenereta osabwerekedwa.

5. Tsiku limodzi pa sabata likhale la opaleshoni zokonzekera za m'mimba ndi hernia, ndipo m'ndondomeko ya chitukuko ya khonsolo mulowe fiyeta yachiwiri.

6. Mabedi anayi pafupi ndi tebulo la anamwino akhale a odwala ochoka ku opaleshoni yaikulu, ndi namwino wawo usana ndi usiku.

7. Matumba a stoma azipezeka mwezi ndi mwezi ngati mankhwala ena onse. Pakhale kaundula wa aliyense wotulutsidwa thumbo, tsiku la opaleshoni yake ndi tsiku loti adzaonedwe, ndipo katswiri wochokera ku Lilongwe azibwera kamodzi pa miyezi itatu kudzabwezeretsa matumbo konkuno pamodzi ndi ogwira ntchito a pano, kuti nawo aziphunzira. Pakhalenso nambala ya foni ya katswiri wa pa ntchito imene imayankhidwa usiku.

8. Imfa iliyonse ya wodwala wa opaleshoni ya m'mimba iziunikidwa monga zimachitikira ndi imfa za amayi oyembekezera, polemba ola limene ululu unayamba, limene anafika ku chipatala choyamba, limene ambulansi inanyamuka ndi limene mpeni unalowa. Cholinga chisakhale kupeza wolakwa, koma kuona pamene maola akutayikira, ndipo zotsatira zake ziziwerengedwa ku komiti ya zaumoyo ya khonsolo.

Tikupempha kuti yankho lanu, lonena zimene zingatheke chaka chino ndi zimene zidikire bajeti ikubwerayi, liperekedwe pa msonkhano wotsatira wa khonsolo, pamaso pa mafumu ndi makomiti a zipatala. Ife tili okonzeka kulemba mndandanda wa katunduyu ndi kuphunzitsa anzathu a m'zipatala zing'onozing'ono.

Ndife anu mwaulemu,

Ogwira ntchito ya opaleshoni, yogonetsa ndi yosamalira odwala a mabala,
Dedza